Hammock yogonera kunja ku Cape Maclear mu July: nditenge iti?

Yusufu (Mpondasi): Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru. Ine ndi anzanga tikufuna kukacheza ku Cape Maclear mu July, tikagone kunja, mwinanso tikafike pa chilumba cha Domwe. Tenti yakwera mtengo, komanso pa njinga yamoto ndi katundu. Ndiye maganizo anga ali pa hammock, nsalu yogonamo yomangirira pa mitengo iwiri. Pali wina pa Facebook akugulitsa mitundu itatu: ya thonje yamizeremizere yokhala ndi mitengo yopingasa kumutu ndi kumiyendo, ya nayiloni yopanda neti, ndi ya nayiloni yosokerera neti ya zipi pamwamba. Amene munagonamo usiku wonse, osati kungopumulamo masana, ndithandizeni nditenge iti. Achimwene anga a ku Joni akubwera mwezi wamawa, ngati pali zoti andigulire kumeneko ndiwauziretu.

Che Saidi (Chembe): Achimwene, ya thonjeyo isiyeni. Ija ndi yapakhonde pa loji, yoti mlendo awerengeremo buku masana. Mitengo yopingasayo imapangitsa kuti nsalu ikhale thyathyathya, ndiye mukangotembenuka m'tulo imakukhuthulani pansi. Thonje limamwanso mame, m'mawa mumanyamula chinthu chonyowa cholemera. Tengani ya neti. Koma musanatumize ndalama mufunseni wogulitsayo kutalika kwake. Zambiri zotchipazi zimakhala mamita 2.6 kapena 2.7, ndipo munthu wamkulu sagonamo bwino. Yogona usiku wonse iyambire mamita 3, ikakhala 3.3 ndiye bwino koposa. M'lifupi isachepere mita 1.4.

Yusufu (Mpondasi): Zikomo Che Saidi. Koma ine si wamtali, 2.7 singandikwane?

Che Saidi (Chembe): Kukwana mukwanamo, koma mu hammock sitigona mowongoka kutsata zingwe. Timagona mopingasa pang'ono, mutu kumanzere miyendo kumanja, kapena mosemphanitsa. Mukatero nsalu imayalika ndipo msana umakhala wowongoka. Mukagona pakati penipeni mumapindika ngati nthochi, maondo amawawa, mapewa amapanikizika. Kuti mupingase bwino pamafunika nsalu yotsala, ndiye kufupikako ndi kumene kumakumanani malo.

Bambo Mbewe (Namwera): Ana inu, ndifunseko. Ife takhala tikugona m'nkhalango pa ntchito zaka zambiri, mkeka pansi, neti pa nthambi, moto pambali, kwacha. Ndalama zonsezi zogulira nsalu yolendewera ndi zachiyani? Msana wa munthu umafuna pouma.

Mayi a Shakira (Makawa): Bambo Mbewe, ulemu wanu, koma m'nkhalango mwa ku Namwera ndi pagombe ndi malo awiri osiyana. Ine ndimagona pa doko kudikira usipa, maboti amabwera m'bandakucha ndipo ukachedwa anzako atenga. Pamchenga mkeka umalowa chinyezi, mchenga umadzaza m'bulangeti, ndipo pafupi ndi mathandala pamayenda makoswe ndi nyerere chifukwa cha fungo la nsomba. Zinkhanira nazo zimakonda pansi pa mkeka pofunda. Chigulireni hammock pa kaunjika ndimaimanga pa mitengo iwiri ya mango kuseri kwa mathandala, ndalama ndaika m'kati momwemo, ndimadzuka thupi lili bwino. Sindikunena kuti mkeka ndi woipa, kunyumba ndimagona pa mkeka womwewo.

Bambo Mbewe (Namwera): Za chinyezi ndamva mayi. Koma linthumbu likafuna limakwera chingwe n'kukupezani m'mwamba momwemo.

Mayi a Shakira (Makawa): Limakweradi. Ndiye musanamange muunike ndi tochi pa tsinde ndi pansi pozungulira. Mtengo umene pali mzere wa nyerere ndimausiya.

aNaphiri (Nankumba): Ndilowererepo pa nkhani ya neti, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga uli. Yusufu mwana wanga, neti yosokerera pamwamba imakutchinjiriza kumaso ndi pamimba, koma msana, zigongono ndi zidendene zimakhala zitakanikiza nsalu ya pansi. Nayiloni yopyapyala ija udzudzu umaboola bwinobwino kuchokera kunsi. Ndaona achinyamata akubwera kuchipatala msana uli zidzolo zokhazokha, akuti koma tinagona mu neti. Udzudzu wa anofelesi, womwe umafalitsa malungo, umaluma kwambiri usiku, nthawi imene iwe uli m'tulo ndipo sukumva. Musanamizidwe kuti July ndi nyengo yozizira kulibe udzudzu. Umachepa, koma kuno kunyanja sutha, malungo timawaona chaka chonse.

Njira zilipo ziwiri. Pezani hammock ya nsalu ziwiri pansi, kapena gulani neti yapayokha imene imavala hammock yonse, pamwamba ndi pansi pomwe, n'kumangidwa kumapeto. Ine ndimakonda yachiwiriyi. Ngati mwatenga ya nsalu imodzi, muziyala kanthu pansi pa msana nthawi zonse, ngakhale kukutentha. Ndipo mukabwerako, thupi likatentha kapena mutu ukamawawa patatha sabata kapena kuposerapo, thamangirani kukayezetsa. Musayambe ndi panado n'kumadikira. Kuyeza komanso mankhwala a malungo a LA m'zipatala za boma ndi zaulere.

Imedi (Joni): Amayi aNaphiri anena zoona. Kuno ku Johannesburg ku Decathlon amagulitsa ma hammock ndi neti zake padera, malamba omangira pa mtengo padera. Yusufu, uwauze achimwene ako afunse neti yokuta mbali zonse. Aonenso pa chikwama pamalembedwa makilogalamu amene imanyamula.

Yusufu (Mpondasi): Nanga neti yakunyumba yomwe tinalandira ija, sindingangoikoleka pamwamba?

Anti Rose (telala, pa Boma): Neti zolandirazo kutalika kwake sikufika ndi mamita 2 omwe, pomwe hammock yomangidwa imapitirira 2.5. Kumutu ndi kumiyendo kumatsala poyera. Anthu amabwera nazo kuti ndidule ndilumikize ziwiri, ine ndimakana. Neti imeneyo ndi ya pabedi pa ana, ukaidula kunyumba kwatsala opanda. Zokwanira kale zimene zikuthera m'madzi kukokera timatemba. Gulani neti ya mumsika, ndikusokerani ngati thumba lalitali la zipi m'mbali, ndi tizingwe tokoka kumapeto.

aNaphiri (Nankumba): Zikomo achemwali pokana. Ndiwonjezere kuti neti ikakhudza khungu ndiye kuti palibe chimene yachita. Iyenera kukwezedwa ndi chingwe pamwamba kuti italikirane ndi nkhope. Ndipo koyilo musamayatse pansi pa hammock, nayiloni imasungunuka ndi kamoto kochepa.

Aphunzitsi Banda (Monkey Bay): Nkhani ya chingwe cha pamwambayi ndiifotokoze, pamodzi ndi kamangidwe, poti anthu ambiri amathyola zinthu osati chifukwa hammock ndi yoipa koma chifukwa chokunga kwambiri. Maganizo a munthu amati ndikakoka zolimba ndigona mowongoka. Ayi ndithu. Zingwe zikamayandikira kuwongoka, mphamvu yokoka mtengo imakula koopsa. Titenge munthu wa makilogalamu 70. Zingwe zikatsetsereka madigiri 30, chingwe chilichonse chimasenza mphamvu yofanana ndi makilogalamu 70. Mukakunga mpaka madigiri 10, chilichonse chikusenza pafupifupi 200. Pa madigiri 5 ndi 400. Munthu ndi yemwe uja, sananenepe, koma chingwe, msoko ndi mtengo zikukokedwa mowirikiza kasanu n'kupitirira. Ndi chifukwa chake nsanamira za khonde zimazuka, zipilala za njerwa zimagwa. Pa chipilala cha njerwa musamangepo konse, chikagwa chimagwera pa inu.

Madigiri 30 simufunika chida choyezera. Tambasulani chala cholozera mopingasa, chala chachikulu chiloze kumwamba. Mzere wochoka pa nsonga ya chala chachikulu kufika pa nsonga ya cholozera ndi pafupifupi kutsetsereka kumene tikufuna. Mitengo italikirane mamita 4 kapena 5, malamba muwamange cha m'mutu mwanu, ndipo mukakhalamo matako akhale pamsinkhu wa mpando, cha m'ma masentimita 45 kuchoka pansi. Kukwera kuposa apo palibe phindu, mukangogwa ndiye kuvulala.

Chingwe cha pamwamba chija mumachimanga kuchoka kumapeto kumodzi kwa hammock kufika kwina, chifupikirepo kuposa nsaluyo. Odziwa amati chikhale magawo 83 pa 100 a kutalika kwa nsalu, ndiye pa hammock ya mamita 3.3 chingwe chikhale cha m'ma 2.75. Ubwino wake, kaya mitengo yatalikirana kaya yayandikana, nsalu imalendewera chimodzimodzi usiku uliwonse. Pomwepo mumakolekapo neti, tochi ndi foni.

Che Saidi (Chembe): Aphunzitsi mwatsegula mitu. Ine ndimangouza alendo kuti mbali ya kumiyendo ikwereko pang'ono kuposa ya kumutu, mwina chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Apo ayi usiku wonse mumatsetserekera kumiyendo.

Bambo Mbewe (Namwera): Chabwino, poti mwatsimikiza zolendewera, ndiyankhuleko za mitengo, imeneyo ndiye ntchito yanga. Chingwe chowonda cha nayiloni chabuluu chija musamange nacho pa mtengo wamoyo. Mwamva mphamvu zimene aphunzitsi atchula. Zonsezo zikathera pa kachingwe konga chala, kamadula khungwa. Chakudya cha mtengo chimayenda m'kati mwa khungwa momwemo, ndiye mukalizunguliza bala mtengo umayamba kufa pang'onopang'ono, inu mutapita kalekale. Mangirani lamba wophwatalala, wosachepera masentimita 2.5 m'lifupi. Kumene mukupitako ndi Lake Malawi National Park, inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo UNESCO inaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse mu 1984. Si malo ongofika n'kumanga paliponse, kudula nthambi kapena kusonkha moto. Mulipire polowa, mufunse a Parks kapena eni kampu kuti mugone pati. Pa Domwe mukambirane ndi oyendetsa kampu musanakwere boti.

Posankha mtengo yambani mwayang'ana kumwamba. Nthambi youma imene yangotsakamira ndi imene imapha munthu mphepo ikawomba usiku. Mvunguti ndi mtengo wolimba wa mthunzi wabwino, koma zipatso zake zimalemera makilogalamu angapo, chimodzi chikakugwerani pamutu nkhani yatha. Kokonati chimodzimodzi. Bulugamu amathyoka nthambi popanda chenjezo. Msangu uli ndi minga, ikuboolerani neti ndi nsalu. Mkuyu ukakhala ndi nkhuyu umaitana mileme usiku ndi apusi m'mawa, mudzuka mutadetsedwa. Papaya ndi nthochi sindinena n'komwe. Mlambe lamba wanu sangauzungulire. Mango ndi bwemba ndiye abwenzi anu, thunthu likhale lonenepa kuposa ntchafu yanu. Ligogodeni ndi mwala, likamveka mphako kapena muona dothi la chiswe likukwera, pitani pena.

Mayi a Shakira (Makawa): Ndiwonjezere pa za Bambo Mbewe. Chisefukireni nyanja mu 2024 mitengo yambiri ya m'mphepete inakhala m'madzi miyezi, ina inauma chiimire, ina mizu inafukuka. Kuiona ili chilili koma ukaikankha ikugwedezeka. Muziyamba mwaikankha ndi phewa.

Anti Rose (telala, pa Boma): Za malamba musavutike kuitanitsa kunja. Pitani kwa ogulitsa zipangizo za magalimoto akutha, mugule malamba a pampando. Ndi otambalala pafupifupi masentimita 5, satamuka, ndipo anapangidwira kugwira munthu pa ngozi. Musankhe osapserera ndi dzuwa komanso osanyotsoka m'mbali. Awiri a mamita 3 akukwanirani. Ndimapinda kumapeto n'kusoka bokosi lokhala ndi mtanda m'kati, kubwereza katatu, ndi ulusi wa poliyesitala. Ulusi wa thonje umaola. Malamba omangira katundu pa lole nawonso amagwira, mungochotsa chitsulo chokungira chija kuti chisakunyengeni kukoka kwambiri.

Wina anandifunsa ngati ndingasoke hammock ya zitenje. Zitenje ziwiri zolumikiza pakati ayi, msoko umakhala pamene pali kulemera konse ndipo umaphotchoka. Nsalu ikhale imodzi kuchoka kumutu kufika kumiyendo. Chitenje chosadula cha mayadi 6 kutalika chimakwana, koma m'lifupi n'chochepa, simungapingase bwino, komanso ndi thonje lomwe Che Saidi akana lija.

Imedi (Joni): Pa tizitsulo tokolekera hammock ku malamba, totchedwa ma carabiner, samalani ndi a makiyi ogulitsidwa pamsika. Ambiri analembedwa okha kuti si okwerera. Enieni amakhala ndi nambala ya kN pamsana yoonetsa mphamvu imene angapirire, okwerera mapiri amayambira cha m'ma 20 kN. Ngati mulibe, bola kumanga mfundo kusiyana n'kukhulupirira ka makiyi.

Che Saidi (Chembe): Mfundo yake alovi aliyense pa gombe akuonetsani, yomanga lamba pa diso la chingwe yoti m'mawa mumangokoka nsonga n'kumasuka. Koma Yusufu, chimene chimagonjetsa alendo anga mu July si udzudzu kapena chingwe. Ndi mwera. Masana kumatentha bwinobwino, munthu amasambira, ndiye amaganiza kuti Mangochi sikuzizira. Pofika 2 koloko usiku mphepo ikudutsa pansi pa hammock, msana umachita kuuma ndi chisanu. Pa mkeka nthaka imakutchingirani, m'mwamba mulibe chokutchingirani. Ndipo bulangeti kapena sleeping bag imene mwaigonera imaphwatalala ndi thupi lanu, siisunganso kutentha. Mumapezeka pamwamba mwafunda, pansi mukunjenjemera. Ndaona anthu akutsika pakati pa usiku kukagona m'boti.

Yusufu (Mpondasi): Izi ndiye sindinaziganizire. Ndiye nditani, mabulangeti awiri?

Che Saidi (Chembe): Awiri, koma lachiwirilo lisakhale m'kati. Limangeni kunja, pansi pa hammock, likumbatire msana wanu popanda kupanikizika. Azungu amagula chopangiratu chotchedwa underquilt, koma bulangeti la kaunjika lomangidwa ngodya zinayi ndi malasitiki limagwira ntchito yomweyo kuno kwathu, poti kuzizira kwake si kwa pa Mulanje. Lisalendewere kusiya mpata, mphepo ingalowe pakati. Likhudze nsalu, koma kulemera kwanu kukhale pa hammock, osati pa bulangetilo. Njira ina ndi kasiponji kopyapyala kolimba kochitira masewera olimbitsa thupi, kuyala m'kati. Kamaterereka usiku ndipo mapewa amatsala kunja, koma kamathandiza, komanso kamatseka udzudzu wa pansi umene amanena aNaphiri. Chipewa cha ubweya ndi masokosi musasiye.

aNaphiri (Nankumba): Bulangeti lakunjalo ndalikonda, likugwira ntchito ziwiri.

Aphunzitsi Banda (Monkey Bay): Pa mwera womwewo, mphepoyi imachokera kummwera chakum'mawa, ndiye lona wanu mutsitse mbali imeneyo mpaka pafupi ndi pansi. Musamange moti mphepo izilowera kumutu n'kutulukira kumiyendo. Lona wa mamita 3 mbali zonse amakwana. Mu July ntchito yake ndi mphepo ndi mame. Kwa amene adzagone nthawi ya dzinja, mvula imatsata lamba kuchoka pa mtengo n'kulowa mu hammock ngakhale lona ali bwino. Mangani kachingwe kolendewera pa lamba, m'kati mwa mthunzi wa lona, madzi amatsikira pamenepo.

Mayi a Shakira (Makawa): Lona wabuluu wa mumsika mwera ukamawomba amachita phokoso usiku wonse, ndipo timabowo take timang'ambika. Ine ndimakulunga kamwala kosalala pa ngodya n'kumanga chingwe pakhosi pake, sikang'ambika. Pamchenga zikhomo sizigwira, kwirirani thumba la mchenga kapena chikuni n'kumangapo.

Bambo Mbewe (Namwera): Chinanso chimene sindingagone osanena. Mvuu imatuluka usiku kukadya msipu ndipo imakhala ndi njira yake, imabwerera momwemo. Mukaona kanjira kotakata kochoka m'madzi, kali ndi mapazi ndi ndowe zomwazika pa tchire, musamange pakati pa njirayo ndi madzi. Mvuu yodzidzimuka imathamangira kumadzi ndipo siona kuti pali munthu. Izi makamaka kwa amene mumaganiza zogona m'mbali mwa Shire kapena ku Malombe, kumenenso ng'ona n'zambiri. Funsani asodzi a pamalopo, amadziwa potulukira pake. Kumtunda kwathu kuno, nkhalango ya Mangochi inalumikizana ndi Liwonde ndipo kuyambira 2018 ili m'manja mwa bungwe la African Parks. Mumadutsa njovu. Musalowemo nokha ndi hammock popanda chilolezo ndi wokuperekezani.

Che Saidi (Chembe): Kuno ku Cape vuto lalikulu ndi anyani. Chakudya musasunge mu hammock, amang'amba neti kufuna buledi. Chikhale m'chidebe chotseka, kutali ndi pogona. Nsapato muzikoleka pa chingwe, ndipo muzikutumule musanavale.

aNaphiri (Nankumba): Poti mukasambira, kumbukiraninso likodzo. Pewani madzi odikha a m'mabango ndi pafupi ndi pochapira, ndipo pakapita miyezi iwiri mubwere kuchipatala tidzakuoneni za mankhwala.

Yusufu (Mpondasi): Wogulitsa uja wayankha, akuti ya neti ndi mamita 2.6, nsalu imodzi pansi. Ndaisiya. Achimwene ndawauza andipezere ya mamita 3 kapena kuposa ndi ma carabiner a nambala. Anti Rose, neti ndi malamba ndibweretsa kwa inu. Funso latsala: anzanga awiri akufuna kugula imodzi yolembedwa double kuti azigona limodzi apulumutse ndalama. Zitheka?

Che Saidi (Chembe): Kucheza masana zitheka, kugona ayi. Onse amatsetserekera pakati, wina akatembenuka mnzake wadzuka, ndipo kupingasa kuja sikutheka. Double ndi yabwino kwa munthu mmodzi chifukwa ndi yotambalala. Aliyense akhale ndi yake. Mukapeza mitengo itatu yoyandikana mutha kumanga awiri pansi pa lona mmodzi, ndalama mupulumutsire pamenepo. Ndipo katundu akafika mugonemo kaye usiku umodzi pakhomo, kuti ngati bulangeti likusiya mpata kapena zipi ikuvuta mudziwire ku Mpondasi, osati pa chilumba. Mukaimanga musamaisiye padzuwa tsiku lonse, nayiloni imafooka ndi dzuwa la kuno.

Anti Rose (telala, pa Boma): Yusufu, ubwere ndi hammock yeniyeniyo ikafika, neti ndiyezere pomwepo, sindisoka mongoganizira. Malamba utha kubweretsa ngakhale sabata ino, uyambe wawachapa ndi sopo aume. Bulangeti lakunja ubwere nalonso ndikusokerere malasitiki m'ngodya. Lachisanu ndimatseka 11 koloko, masiku ena onse ndimakhalapo mpaka madzulo.